Nikon Coolpix P950 pojambula mbalame kumapeto kwa dzinja: imakoka patali, koma imafuna dzuwa

Febuluwale ndi Malichi ndi miyezi yomwe madambo athu amatchena. Bango latalika, nsenjere yapitirira mutu wa munthu, chimanga chamasula ngayaye, ndipo timbalame tomwe chilimwe chonse tinali totuwa ngati mpheta wamba tasintha zovala: tina tafiira ngati makala a moto, tina tachita chikasu, tina tikukoka michira yotalika kuposa matupi awo. Amene anayesapo kujambula timbalame timeneti ndi foni akudziwa zomwe zimatuluka, kadontho kakuda pakati pa udzu basi. Nchifukwa chake anthu ambiri oyamba kumene kukonda mbalame amafunsa za Nikon Coolpix P950, kamera yomwe imatchuka ndi kukoka zinthu zakutali.

Tinene poyambirira momwe tikuionera. Mbalame ikakhala yatera, kunja kukuwala bwino, P950 imatulutsa zithunzi zomwe nzovuta kuzipeza ndi kamera ina ya mtengo wofanana. Mbalame ikakhala ikuuluka, kapena ili mumthunzi wa nkhalango, kapena tsikulo ndi la mvumbi, kamerayi imavutika, ndipo palibe batani lomwe lingaichotse m'mavutowo. Kumapeto kwa dzinja mumakumana ndi zonse ziwiri m'mawa umodzi, choncho ndi bwino kudziwa chomwe chimachititsa.

P950 inatuluka mu 2020, kulowa m'malo mwa P900 ya mu 2015. Lenzi yake ndi yosachotsa, ndipo imakoka maulendo 83, kuyambira pa 24 mm kufika pa 2000 mm malinga ndi mmene ojambula amawerengera. Manambalawa amamveka bwino tikawatengera kudambo. Mukakoka mpaka pa 2000 mm, chinthu chili pa mtunda wa mamita 20, chithunzi chonse chimatenga malo otambalala pafupifupi masentimita 35 okha. Ndiye kuti red bishop wamwamuna, kambalame kofiira ndi kukuda kosapitirira masentimita 12, kamadzaza gawo limodzi mwa magawo atatu a chithunzi. Nkhwazi itatera pamtengo kutsidya, mamita 50, imatsala pang'ono kudzaza chithunzi chonse. Kuti mupeze zotere ndi kamera ya malenzi ochotsa, mufunika lenzi yolemera makilogalamu angapo ndi ndalama zogulira galimoto.

Nanga zimatheka bwanji m'kamera yolemera magalamu 1,005? Chinsinsi chili pa sensa, kachipangizo kolandira kuwala komwe kali kuseri kwa lenzi. Sensa ya P950 ndi pafupifupi mamilimita 6 m'litali ndi 4.5 m'lifupi, yosafika ngakhale pa chikhadabo cha chala chaching'ono, ndipo pamenepo anapanikizapo mapikiselo 16 miliyoni. Lenzi yeniyeniyo imafika pa 357 mm yokha. Kuchepa kwa sensa ndiko kumachititsa kuti ione ngati ya 2000 mm. Mphamvu ya kamerayi ndi kufooka kwake zimachokera pamalo amodzimodziwa. Sensa yaing'ono imatunga kuwala kochepa, komanso kabowo kolowera kuwala kamachepa mukamakoka: f/2.8 musanakoke, f/6.5 mukakoka mpaka kumapeto (nambalayi ikamakula ndiye kuti kabowo kakuchepa). Kuwala kukachepa, kamera imakweza ISO, nambala yosonyeza mmene ikukuzira kuwala komwe sensa yalandira, ndipo ISO ikakwera nthenga zimayamba kusungunuka. Pa ISO 100 mpaka 400 mumaona ulusi uliwonse wa nthenga. Pa 800 chithunzi chikadali chabwino kuonetsa anthu pa foni. Pa 1600 msana wa mbalame umaoneka ngati wina waupaka ndi chala utoto usanaume. Kamerayi imalola mpaka 6400, koma kumeneko mumangopitako pofuna umboni woti mbalame yachilendo munaionadi.

M'manja imakhala bwino. Chogwirira chake nchakuya, ndipo kagalasi kosuzumira, ka madontho 2.36 miliyoni, nkowala mokwanira kuti muone ngati diso la mbalame lagwira fokasi, chinthu chomwe pa P900 chinali chovuta. Sikirini ya mainchesi 3.2 imatembenukira mbali iliyonse, zomwe zimathandiza pojambula nkhwali kapena zinziri muli chonjuta, koma siyankha mukaikhudza ndi chala. Masana sikirini muiiwale. Gwiritsani ntchito kagalasi kosuzumira, chifukwa kamera ikatsamira pankhope imapeza potsamira pachitatu kuwonjezera pa manja awiri.

Batani lofunika kwambiri pa kamera yonseyi ndi kakang'ono komwe kali kumanzere kwa lenzi, kobweza zoom kwa kanthawi. Kufunafuna timba pa 2000 mm kuli ngati kusuzumira m'kabowo ka bango: mbalame ikadumphira nthambi ina, yasowa. Mukadina kabataniko, lenzi imabwerera m'mbuyo nkukuonetsani malo aakulu, pakati pake pali kabokosi kosonyeza pomwe munali. Mumaika mbalame m'kabokosimo, nkusiya batani, lenzi nkubwerera pomwe inali. Chala chachikulu chakumanzere chizolowere kukhala pamenepo. Ndondomeko yomwe imagwira ntchito ndi iyi: mbalame muipeze kaye ndi maso kapena magalasi oonera patali, muone chizindikiro chapafupi nayo monga mphanda ya nthambi kapena duwa, mukweze kamera maso anu asanachoke pamalopo, muyambire cha pa 500 mm, kenako muzikoka pang'onopang'ono. Oyamba kumene amakoka mpaka kumapeto asanaipeze mbalame, ndipo mbalame imauluka iwo akadayendayenda m'masamba.

Pa gudumu la pamwamba pali chizindikiro cha mbalame, chomwe Nikon anakonzera oonera mbalame. Nchothandiza sabata yoyamba, koma kamera ndiyo imasankha liwiro la shutter, kachitseko komwe kamatseguka kwa kanthawi kuti kuwala kufike pa sensa, ndipo kukakhala mitambo imakonda kulitsitsa mpaka kambalame kosakhazikika katuluke kachimbuuzi. Ndi bwino kusamukira pa S pa gudumu lomwelo, pomwe liwiro mumasankha nokha. Liwiro liikeni pa 1/500 ya sekondi pa mbalame yodekha ngati njiwa kapena nantchengwa, 1/1000 pa timbalame tojijirika ndi tomwe tatera pa udzu wogwedezeka ndi mphepo. ISO muipatse malire a 100 mpaka 800. Malo ogwirira fokasi muwaike pa Manual (spot), kadontho kakang'ono ka pakati, osati Target finding, chifukwa imeneyo imasankha tsamba lililonse lomwe layandikira. Kujambula motsatizana kuikeni pa Continuous H, komwe kumatenga zithunzi pafupifupi 7 pa sekondi, mpaka zithunzi 10. Zonsezi mukazikonza, zisungeni pa U, malo a pa gudumu osungira zomwe mwasankha, kuti mawa musayambirenso.

Pa zithunzi 10 zimenezi pali msampha. Mukakanikiza batani mpaka zonse zithe, kamera imaima kwa masekondi angapo ikulemba pa khadi, makamaka mukamajambula RAW, mafayilo aakulu omwe kamera imawasunga isanawakonze, ndipo nthawi imeneyo ndi yomwe mbalame imatambasula mapiko. Muzitenga zitatu kapena zinayi, nkusiya, nkutenganso. Mwa zinayi zilizonse, chimodzi chimakhala chakuthwa kuposa zinzake, chifukwa dzanja silinjenjemera mofanana nthawi zonse.

Tsopano nkhani ya udzu, yomwe ndi mdani wamkulu wa kamerayi m'miyezi ino. P950 imapeza fokasi poyerekeza kusiyana kwa kuwala ndi mdima pa chinthu chomwe yalozedwa, ndipo imayendetsa magalasi uku ndi uku mpaka kusiyanako kuoneke bwino. Njira imeneyi ndi yochedwa, komanso imakopeka ndi mizere yooneka bwino. Phesi la bango lili ndi mzere wakuthwa kuposa chifuwa cha mbalame, ndiye kamera imagwira bango, mbalame nkutuluka ngati mtambo wofiira kumbuyo. M'chilimwe udzu utapsa vutoli silioneka kwenikweni. Mu Malichi limakhalapo pa chithunzi chilichonse.

Njira yolithetsera imachokera pa khalidwe la mbalame zenizenizo. Red bishop wamwamuna amakhala ndi kadera kake m'bango, ndipo m'kaderako ali ndi mapesi awiri kapena atatu omwe amaterapo mobwerezabwereza. Amanyamuka atafufumitsa nthenga ngati kampira, kuuluka motsika mapiko akuchita phokoso ngati chikumbu, kuthamangitsa mnzake wolowerera, nkubwerera pa phesi lomwe lija. Muimirire mphindi khumi osajambula, mungoona komwe akutera. Mukazindikira phesi lake lalitali lomwe kutsogolo kwake kulibe udzu, sunthani mpaka dzuwa likhale kumbuyo kwanu, ndipo kumbuyo kwa phesilo kukhale zobiriwira zakutali, osati thambo. Gwirani fokasi pa nsonga ya phesi, mutembenuze kaswitchi ka kumbuyo kupita pa MF, fokasi yoyendetsa pamanja, kuti fokasi isasunthenso, nkudikira. Akatera, phesi limawerama ndi kulemera kwake nkumagwedezeka kwa kanthawi. Dikirani liime, atukule mutu ayambe kulira, ndipo pamenepo dinani. Mukachita bwino mudzaona nthenga zofiira zapakhosi zitaima ngati kolala, nkhope yakuda bii ndi kadontho ka dzuwa m'diso. Njira yomweyi imagwira pa red-collared widowbird, wakuda wa mchira wautali, ndi pin-tailed whydah, wa mlomo wofiira ndi nthenga zoyera ndi zakuda, yemwe amakonda nsonga ya chitsamba kapena waya wa mpanda ndipo amavina m'malere pamwamba pa wamkazi, mchira ukugwedezeka.

Ngati mbalame ili kale mkati mwa udzu, MF imathandizabe. Kagudumu ka pambali pa lenzi kamayendetsa fokasi, ndipo kamera imaika kuwala koyera m'mphepete mwa chomwe chagwira. Ndi ntchito yochedwa, yoyenera mbalame yodekha. Komanso kumbukirani kuti mukakoka mpaka kumapeto lenziyi sigwira chinthu chomwe chili pafupi kuposa mamita 5. Pumbwa akatera pa mpapaya pafupi ndi khonde kamera nkumakana kugwira, siinawonongeke; bwezani zoom kapena bwererani m'mbuyo mapazi angapo.

Kuwala nako kumafuna dzanja lanu, chifukwa sensa yaing'ono sichedwa kutaya zoyera. Mutu ndi chifuwa cha nkhwazi, kapena kakowa ali pakati pa ng'ombe m'dambo lobiriwira, zimatuluka zoyera mbee popanda nthenga ngati simuchepetsa kuwala ndi batani la +/−. Ikani pa −0.7, ndipo dzuwa likakula pa −1. Mtundu wofiira wa bishop umachitanso chimodzimodzi, umasanduka chibanthu chopanda mizere, choncho −0.3 kapena −0.7 ndi yoyenera. Mbalame yomwe ili pa waya wa magetsi kumbuyo kwake kuli mitambo yoyera imafuna zosiyana: kamera imaona kuwala kwa mitambo nkudetsa zonse, mbalame nkutuluka ngati chithunzithunzi. Apa kwezani kufika pa +1 kapena +1.3. Nthengu, poti ndi yakuda thupi lonse, imafuna +0.3 mpaka +0.7 kuti diso lake lofiira lioneke. Mukatha bwezani pa 0. Zithunzi zambiri zimawonongeka chifukwa munthu waiwala +1.3 ya mbalame yapita.

Pali chinthu china chomwe anthu amanamizira kamera pomwe cholakwa ndi mpweya. Dzuwa likakwera, nthaka yonyowa, msewu ndi madzi zimatulutsa mpweya wotentha womwe umanjenjemera, ndipo pa 2000 mm mumajambula kudzera m'mamita ambirimbiri a mpweya umenewo. Chithunzi chimatuluka chopindikapindika ngakhale fokasi itagwira ndipo dzanja lisanagwedezeke. M'miyezi ino dzuwa limatuluka 6 koloko isanakwane, ndipo nthawi yabwino ndi kuyambira pamenepo mpaka cha m'ma 9. Mvula yamasana ikakata, dzuwa nkutulukanso cha m'ma 4, mpweya umakhala woyera, mbalame zimatera poyera kuyanika nthenga, ndipo imeneyo ndi nthawi inanso yosafunika kuiphonya. Tinenenso kuti 2000 mm si malo okhalapo nthawi zonse. Pakati pa 1000 ndi 1400 mm chithunzi chimakhala chakuthwa, kuwala kumalowa kochulukirapo, ndipo fokasi imafulumira. Mapazi khumi oyandikira mwakachetechete amaposa kukoka komaliza kuja. Kukoka kwa digito kopitirira 2000 mm kuzimitseni. Kumangofufumitsa zomwe zilipo kale.

Malichi ndi mwezi wotsanzikana ndi alendo. Anamzeze omwe amaswanira ku Ulaya, ma European bee-eater, red-backed shrike ndi spotted flycatcher amakhala akudya kukonzekera ulendo wobwerera kumpoto, ndipo ambiri akhala atapita pofika kumapeto kwa Epulo. Woodland kingfisher, wa mlomo wofiira pamwamba ndi wakuda pansi, yemwe kulira kwake kumadzaza m'mphepete mwa Shire dzinja lonse, nayenso amachoka. Mwayi wake ngwoti pafupifupi onsewa amasaka atatera: pa waya, pa nsonga ya mtengo wouma, pa chitsa. Bee-eater amanyamuka, kugwira njuchi kapena tombolombo, nkubwerera pomwe paja kukamumenyetsa pa nthambi. Ntchito yotere ndiyo P950 inabadwira. Koma musayembekezere kujambula namzeze ali m'malere. Fokasi siingamutsatire, ndipo pojambula motsatizana kagalasi kosuzumira kamatsalira m'mbuyo, moti mumalondola pomwe mbalame inali, osati pomwe ili. Mbalame zazikulu zouluka mowongoka, monga nkhwazi, tsekwe kapena nantchengwa, zimatheka mukabweza zoom kufika pa 400 mpaka 600 mm ndi liwiro la 1/1600, komabe zotaya zimachuluka kuposa zosunga.

Nthawi inonso ndi ya ana a mbalame omwe angochoka m'zisa, ndipo amasokoneza ngakhale akatswiri, chifukwa mitundu yawo sifanana ndi ya makolo. Apa mpamene kamerayi imabweza ndalama zake. Chithunzi chapambali choonetsa mlomo, diso, miyendo ndi mizere ya phiko chimakulolani kukhala pansi madzulo nkuyerekeza modekha. Akazi a bishop, widowbird ndi whydah onse ndi otuwa a mizeremizere, ndipo kuwasiyanitsa ndi maso okha m'dambo nkovuta kwambiri. Jambulani zambiri, mbali zosiyanasiyana, ngakhale zisakongole.

Ku Liwonde nthawi ya mvula misewu yambiri ya m'paki imavuta, ndipo mbalame zambiri zimaonedwa muli pa boti. Apa chochepetsa kugwedezeka, chomwe Nikon amati VR ndipo amati chimakulolani kutsitsa liwiro ndi masitepe 5.5 chithunzi osagwedezeka, chimaonetsa mphamvu zake. Pamtunda chisiyeni pa Normal. Pa boti kapena m'galimoto yoyenda chiikeni pa Active. Injini ikamalira musatsamiritse zigongono kapena kamera pa chitsulo cha boti, chifukwa kunjenjemera kwa injini kumadutsa molunjika kukafika pa lenzi. Thupi lanu ndilo likhale khushoni, ndipo pemphani woyendetsa azimitse injini mukayandikira. Böhm's bee-eater wa m'zitsamba za m'mphepete mwa mtsinje ndi wodekha, amalola kumuyandikira. Lilian's lovebird wa m'mitengo ya tsanya ndi wovutirapo chifukwa masamba nthawi ino ndi ochuluka ndipo iye ndi wobiriwira ngati masambawo. Ku nyanja ya Chilwa, yomwe ili m'ndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika kwambiri padziko lonse, malo ndi otseguka ndipo kuwala nkokwanira, koma mpweya wonjenjemera uja umayamba msanga pamwamba pa madzi. VR, tisaiwale, imaletsa kugwedezeka kwa dzanja lanu lokha. Mbalame ikasuntha mutu pa 1/125, chithunzi chawonongeka ndithu.

M'nkhalango za pamwamba pa phiri la Zomba ndiye kamerayi imagonja. Pansi pa mitengo ikuluikulu, kunja kuli nkhungu, kuwala kumakhala kochepa moti kuti mupeze 1/500 mufunika ISO yomwe sensa iyi singathe. Yellow-throated apalis, yemwe amapezeka ku Malawi kokha, ndi kambalame kosakhazikika ka m'masamba, ndipo kumujambula bwino ndi P950 nkwamwayi. Chomwe chimathandiza ndi kujambula vidiyo ya 4K, yomwe imatenga zithunzi 30 pa sekondi. Pambuyo pake mumasankha chimodzi chomwe mbalame inaima, ndipo mumakhalanso mwasunga kulira kwake, komwe nthawi zambiri ndiko kumatsimikiza mtundu.

Kamerayi siinatetezedwe ku madzi kapena fumbi, ndipo ichi nchofooka chachikulu kwa munthu woigwiritsa ntchito m'dzinja. Lenzi ikamatuluka ndi kubwerera imapuma mpweya ngati mvukuto. Madontho akagwera pa mpope wotulukawo inu nkuzimitsa kamera, madziwo amakokeredwa mkati. Pukutani kaye ndi kansalu kouma musanazimitse. M'chikwama muzikhala jumbo yolimba ndi kathaulo, ndipo mame a m'mawa a pa udzu wautali muwaope ngati mvula. Choopsa kwambiri ndi chuku. Kamera yonyowa ikatsekeredwa m'chikwama, mumdima, kwa masabata angapo, m'magalasi mumamera timizu toyera ngati ukonde wa kangaude, ndipo poti lenzi ndi yosachotsa, kukonza kwake nkumasula kamera yonse. Mukafika kunyumba itulutseni m'chikwama, iume pamalo odutsa mphepo, kenako muisunge m'kontena yotseka bwino momwe muli timapaketi ta silica gel. Timapaketito timakhuta chinyontho, choncho tiziumitsidwa kapena kusinthidwa. Fyuluta yoteteza ya 67 mm imalowa kutsogolo kwa lenzi, koma ikakhala yotchipa imafewetsa chithunzi pa 2000 mm. Kuli bwino kudalira chotchingira dzuwa cha kutsogolo kwa lenzi kusiyana ndi kuika galasi losadalirika.

Batire yake, EN-EL20a, ndi yaing'ono poyerekeza ndi kamera. Nikon amati imajambula zithunzi pafupifupi 290, koma woonera mbalame amakhala akukoka ndi kubweza zoom osajambula, ndipo mota ya lenzi imadya moto. Batire imodzi sikwanira tsiku lathunthu; gulani yachiwiri tsiku lomwelo logula kamera. Ubwino wake ngwoti imatchajidwa ili m'kamera kudzera pa micro-USB, choncho magetsi akathima power bank imagwira ntchito, kamera itazimitsidwa. Khadi ya SD ya 64 GB yolembedwa U3 ndi yokwanira pa zithunzi ndi 4K. Za RAW, yomwe pa kamerayi mafayilo ake ndi a NRW: imathandiza kubweza zoyera zomwe zatsala pang'ono kutayika ndi kuchotsa timadontho ta ISO mosamala kuposa mmene kamera imachitira yokha, ndipo pulogalamu yaulere ya NX Studio imaitsegula. Ngati mulibe kompyuta, JPEG Fine ndi yokwanira, ingotsitsani Noise reduction filter pa Low kuti nthenga zisafafanizike.

SnapBridge, pulogalamu ya Nikon ya pa foni, imatumiza ku foni zithunzi zochepetsedwa za mapikiselo 2 miliyoni kudzera pa Bluetooth, zokwanira kutumiza pa WhatsApp kapena kufunsa Merlin Bird ID, pulogalamu yaulere ya Cornell Lab of Ornithology yomwe imayerekeza dzina la mbalame kuchokera pa chithunzi. Tsitsani zofunikira zake mukadali pa intaneti yabwino. Yankho la Merlin mulitenge ngati poyambira, makamaka pa ana a mbalame ndi akazi otuwa aja. P950 ilibe GPS yakeyake ngati mmene inalili P900; malo imawatenga ku foni, ndipo kulumikizana kumeneko kumathanso batire, choncho m'tchire ndi bwino kukuzimitsa nkulemba malo pa eBird, pulogalamu yolembapo mbalame zomwe mwaona, kapena m'kabuku.

Kukoka patali kulinso ndi phindu lomwe sililembedwa pa bokosi: simufunika kuyandikira chisa. Miyezi ino mbalame zambiri zikufungatira kapena kudyetsa ana, ndipo kholo likathawitsidwa dzuwa lili pamutu kapena mvula ikugwa, mazira ndi anapiye sachedwa kufa. Mukaona mbalame yanyamula chakudya kukamwa ikuzungulira osatera, ndiye kuti mwayandikira kwambiri, bwererani. Kuponda udzu mpaka pa chisa kumatsegulira njira agalu ndi akhwangwala, ndipo kuloza chisa pamaso pa ana onyamula legeni nkuchipereka. Madambo ambiri abwino ali m'minda ya anthu, ndipo ino ndi nthawi yomwe eni ake akulondera mondokwa. Perekani moni, fotokozani chomwe mwadzera, aonetseni chithunzi pa sikirini. Kawirikawiri iwo ndi amene amadziwa mtengo womwe kadzidzi amagona. M'mphepete mwa Shire musaime pafupi ndi madzi diso lili m'kamera, chifukwa ng'ona ndi mvuu zilipo, ndipo madzi odikha a m'madambo musalowemo opanda majombo poopa likodzo.

Poyerekeza ndi zinzake, P1000 ya mu 2018 imafika pa 3000 mm koma imalemera makilogalamu 1.4, ndipo kukoka kowonjezerako kumathera mu mpweya wonjenjemera nthawi zambiri. Canon PowerShot SX70 HS ndi yopepuka kwambiri ndipo imafika pa 1365 mm, yabwino kwa oyenda mitunda italiitali wapansi. Sony RX10 IV imalekera pa 600 mm, koma sensa yake ndi yaikulu ndipo fokasi yake imatsatira mbalame youluka; mtengo wake unali wopitirira kawiri wa P950, yomwe potuluka inkagulitsidwa pafupifupi madola 800 a ku America. Kwa munthu amene cholinga chake ndi kudziwa mbalame za m'dera lake, kusunga umboni ndi kupeza zithunzi zokongola pa masiku a dzuwa, P950 ndiyo tingamulangize. Amene mtima wake uli pa mbalame zouluka kapena za m'nkhalango zowirira asunge ndalama zake afune ina. Ndipo kamerayi silowa m'malo mwa magalasi oonera patali. A 8x42, okoka maulendo 8, ndi omwe amapeza mbalame, kamera imangobwera pambuyo.

Ambiri amaipeza yogwiritsidwapo kale ntchito, kudzera mwa achibale a ku Johannesburg kapena ku Britain, ndiye wokaigulayo mumuuze zoyang'ana. Akoke zoom kuchoka pa 24 mpaka 2000 mm nkubweza katatu, khutu lili pafupi. Mota izilira mofanana, popanda kukhukhuluza kapena kuima panjira. Aunike ndi tochi ya foni m'lenzi kuchokera pambali, ataikoka, kufuna timizu ta chuku ndi nkhungu ya mkati. Ajambule khoma loyera kapena thambo, gudumu lili pa A, kabowo pa f/8, atakoka kwambiri, nkukulitsa chithunzicho pa sikirini: madontho otuwa omwe akubwera pamalo amodzimodzi pa zithunzi ziwiri ndi fumbi la pa sensa, lomwe mwini kamera sangalichotse yekha. Atembenuze sikirini mbali zonse aone ngati sikuthima, alowetse chingwe cha USB aone ngati kagetsi kotchaja kakuyaka popanda kugwedeza chingwe, ndipo atulutse batire aiike patebulo. Ikamagwedera m'malo mokhazikika ndiye kuti yafufuma, ndipo mtengo wa batire yatsopano uchotsedwe pa mtengo wa kamera.